ZAM'MALIRE: Basi imathera patsinde pa phiri

Anthu a kuno ku Amaramba akati "ndikupita ku Malawi," kawirikawiri umakhala ulendo wa mavuto kapena wa malonda. Wina waperekeza wodwala kuchipatala, wina akukagulitsa nsomba zouma kapena mpunga, wina akuthamangira maliro a mbale wake amene adakhazikika tsidya ilo nkhondo itatha. Koma zoti munthu wa kumudzi alawirire, avale jekete, akwere basi kupita kudziko la eni kuti akangomwa tiyi pamwamba pa phiri, ambiri angati mutu wasokonekera kapena ndalama zamuyabwa m'thumba.

Chonsecho n'zimene adachita mkulu wina wa m'mbali mwa nyanja ino nyengo yachisanu yapitayi, atangomaliza kupuntha mpunga wake. Dzina lake likhale m'thumba, poti mwini wake sakonda zotchuka. Koma nkhani yake yawanda kale m'madoko ndi pamabwalo a bawo, ndipo poti ena akuikamba mopotoza, ndi bwino ilongosoledwe kuyambira pachiyambi.

Mkuluyu, amene tsopano wapitirira zaka 60, adali mnyamata pamene nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo idafika poipa m'chaka cha 1986. Monga adachitira anthu ambiri a m'boma la Mecanhelas, iye adathawa usiku ndi malaya a pathupi okha n'kuolokera m'boma la Machinga ku Malawi. Sadali yekha. Pofika 1992 anthu a ku Mozambique amene adathawira ku Malawi adapitirira 1 miliyoni, m'dziko lomwe eni ake sadakwane n'komwe 10 miliyoni.

Poyamba adagwira ganyu wokoka khoka panyanja ya Chilwa. Madzulo dzuwa likapendeka ankaona chiphiri chakuda bii chakumadzulo, ndipo anzake adamuuza kuti limenelo ndilo phiri la Zomba. Nsomba zitavuta adatsatira anzake omwewo mpaka ku Zomba komweko, kumene adapeza ntchito yosafuna chiphaso kapena sukulu, ntchito yosenza nkhuni. Ankadzuka tambala woyamba n'kukwera phiri kudzera m'kanjira kotsetsereka kamene eni ake amakatcha Potato Path, kaamba koti alimi a kachewere ndimo ankatsikira ndi katundu wao. Masana ankatsika ndi mtolo wautali kuposa msinkhu wake kukagulitsa m'tauni.

Pamwamba pa phirilo, m'mphepete mwenimweni mwa phompho, pali hotela yotchuka ya Ku Chawe. Masiku amenewo inkatchedwa Ku Chawe Inn, ndipo lero ili m'manja mwa kampani ya Sunbird. Mnyamata wa nkhuni uja ankadutsa chapafupi, nkhata ili pamutu, mapazi ali ming'alu yokhayokha, n'kumaona azungu ndi mabwana a boma atakhala pakhonde akumwa tiyi m'makapu oyera mbee. Palibe tsiku limene munthu adamupirikitsa, poti sadayesepo n'kamodzi komwe kuyandikira pachipata. Mantha ake omwe ndiwo adali mlonda. Munthu wothawa nkhondo amayenda chowerama, safuna kuti wina amufunse kwao. Koma mumtima adalumbira kuti Mulungu akadzamusunga, tsiku lina adzakhala pakhonde limenelo ngati munthu.

Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo patapita chaka ndi miyezi iye adabwerera kuno. Adakwatira, adabala ana, adaona zidzukulu. Lumbiro lija lidagona tulo zaka zoposa 30. Ndiye mpunga utamuchitira bwino, adaitana mdzukulu wake wamkazi amene amaphunzira sekondale ku Cuamba.

"Konzeka undiperekeze ku Zomba. Ndili ndi ngongole kumeneko."

"Ngongole ya ndani, anganga?"

"Ya ine mwini. Iwe tiye, ukaionera konko."

Kuchokera kuno kukafika ku Zomba ndi ulendo wodya tsiku lathunthu. Awiriwa adanyamuka kusanache panjinga zamoto mpaka pa Entre Lagos. Dzinali ndi la Chipwitikizi, kutanthauza kuti pakati pa nyanja, chifukwa malowa ali pamtunda wamchenga umene umalekanitsa nyanja ya Chilwa kummwera ndi ya Chiuta kumpoto. Pamtunda womwewo ndi pamene padadutsa njanje yochokera ku Nkaya, imene idatsegulidwa mu 1970 kulumikiza Malawi ndi doko la Nacala.

Pa Entre Lagos mnyamata wina adawanong'oneza kuti akudziwa kanjira kachidule kosadzera kumaofesi. Tinjira timeneto ambiri kuno amatidziwa, palibe chobisa. Koma mkuluyu adapukusa mutu. Ati ulendo woyamba adalowa m'Malawi ngati gwape wothamangitsidwa ndi agalu, ndipo uno akufuna alowere pakhomo. Adadinditsa mapasipoti ao mbali ya kuno, n'kukadinditsanso pa Nayuchi. Zidindo zimenezi zidadzagwira ntchito kutsogolo, monga mumve.

Chikwama cha ndalama adagwira ndi mdzukulu uja. Osintha ndalama pamalire ndi ochenjera manja, ndipo kwacha sikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 idatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi lokha. Choncho munthu amene adapita ku Malawi zaka ziwiri zapitazo asakuuzeni mtengo wa metikali kapena wa basi, akunamizani osadziwa. Mtsikanayu adafunsa anthu atatu osiyana asanasinthe, adawerenga kawiri, ndipo adapempha kuti zina amupatse zing'onozing'ono podziwa kuti kondakitala akalandira ndalama yaikulu amadwala matenda oiwala chenji. Adanyamula ndalama za m'manja chifukwa M-Pesa ndi e-Mola za kuno sizilipira minibasi ya ku Malawi. Kumeneko anthu amadziwa Airtel Money ndi Mpamba.

Kuchoka pa Nayuchi adakwera galimoto yodzera pa Nsanama mpaka ku Liwonde. Apa ndi pamene mkuluyu adayamba kuona kuti Malawi amene ankamudziwa uja adasamuka kalekale. Iye ankayembekeza chibasi cha UTM, kapena cha Stagecoach imene idalowa m'malo mwake mu 1989, chokhala ndi nthawi yake yonyamukira ndi tikiti yapepala. Koma adangoona wazunguliridwa ndi anyamata oitanira, wina wagwira chikwama, wina wagwira mkono, aliyense akukuwa kuti yake ndiyo ikunyamuka pompano.

"Madala, lowani umu! Kwatsala munthu mmodzi, tapita!"

Adalowa. Mudalidi anthu, injini ikulira, dalaivala akuisuntha patsogolo n'kuibweza m'mbuyo ngati nkhosa yofuna kugunda. Koma wapaulendo weniweni akalowa mmodzi, wina mwa okhala kale aja ankatsika mwakachetechete n'kukaima panja. Adali anthu ongoikidwa kuti galimoto ioneke yodzaza. "Munthu mmodzi" uja adatenga ola lathunthu ndi theka kuti akwane. Minibasi ilibe wotchi, imayendera mipando. Wofuna kufika msanga ayang'ane imene muli azimayi a madengu ndi ana kumbuyo, poti amenewo sakhala m'galimoto mwamasewera. Ndipo mtengo mugwirizane phazi lisanaponde m'kati, chifukwa mafuta akangosowa pang'ono mtengo wa dzulo umakhala utapita ndi dzulo lomwelo.

Msewu wa M3 wochoka ku Liwonde kupita ku Zomba ndi wa makilomita opitirira 50. Umakwera pa boma la Machinga, n'kudutsa pa Malosa, Domasi ndi Songani, mapiri ali kudzanja lamanja ulendo wonse. Panjira adakumana ndi apolisi otchinga msewu. Mmodzi adasuzumira pazenera namva mtsikana uja akulankhula ndi anganga ake mosakaniza Chipwitikizi.

"Inu kwanu n'kuti?"

"Ku Mozambique, bwana, ku Amaramba."

"Tione mapepala."

Wapolisiyo adatsegula, adaona chidindo cha tsiku lomwelo, nabweza ndi manja awiri. "Muyende bwino, bambo." Mkuluyu ati kadali koyamba m'moyo wake kuima pamaso pa munthu wa yunifolomu m'dziko la eni mawondo osaombana. Akadamvera mnyamata wa kanjira kachidule uja, ulendo ukadathera pomwepo, tiyi n'kukamwera kwina.

Adafika ku Zomba kachisisira n'kugona m'nyumba ya alendo pafupi ndi msika. Zomba ndi tauni yakale. Idali likulu la dziko kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka 1975 pamene likulu lidasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu adapitiriza kukumana komweko mpaka 1994. Phiri lili pamutu penipeni pa tauniyo, nsonga yake ikupitirira mamita 2,000. Usiku umenewo mkuluyu adagona mochedwa, atakhala pakhonde akuyang'ana mdima wa phirilo.

Kutacha adavala jekete lake, adapukuta nsapato, nalunjika kudepoti. Adafunsa mwaulemu wake wonse kuti basi ya Ku Chawe ikukwerera pati. Anyamata oitanira adayang'anana, kenaka adaphulika n'kuseka.

"Madala, basi imathera pansi pompano. Kuphiri kulibe basi."

Sadaname anyamatawo. Kudepoti ya Zomba mungapeze galimoto ya ku Blantyre, ya ku Liwonde, ya ku Mangochi, ya ku Jali, koma ya kuphiri simuipeza. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Amene amakadya kuhotela amakhala ndi galimoto zao, ndipo amene amakagwira ntchito yankhuni amayenda pansi. Munthu wapakati, amene alibe galimoto koma ali ndi ya basi, palibe adamuganizirapo. Njira zotsala ndi zitatu: kuchita hayala galimoto, kukwera kabaza wa njinga yamoto, kapena miyendo.

Mkuluyu adati palibe chovuta, Potato Path akuidziwa ngati chikhatho chake. Mdzukulu adayang'ana mawondo a anganga ake, adayang'ana phiri, nakana kwamtuwagalu. Mwini galimoto wina atamva kalankhulidwe kao kachilendo adatchula mtengo woti thumba la mpunga likadathera pomwepo. Adaima kakasi. Pamenepo mdzukulu adakumbukira kuti safunsa adadya phula, napita kwa mayi wina wogulitsa nthochi pambali pa msewu. Mayiyo adawalangiza ngati abale ake. Ati afunse akabaza awiri kapena atatu, asankhe amene ali ndi zipewa zoteteza mutu ndi mabuleki ogwira, poti kukwera n'kosavuta koma kutsika ndiye kumapha. Agwirizane mtengo wopita, wodikira ndi wobwerera pamodzi, ndipo alipire theka lokha, lotsalalo akafika pansi. Adachita zomwezo, ndipo ngati chithokozo adagula phava la nthochi.

Msewu wokwera phiri ndi wa makilomita pafupifupi 10, koma ndi chikweza chokhachokha. Umadutsa nyumba zakale za boma za njerwa zofiira, kenaka umayamba kukhotakhota ngati njoka, mbali ina khoma la miyala, mbali ina phompho. Makutu amatseka, mphepo imalowa m'mafupa. M'mbali mwake mumaima anyamata ogulitsa zipatso za m'phiri ndi miyala yonyezimira. Koma mkuluyu maso ake adali pa anthu otsika. Abambo akukankha njinga zosanjikidwa nkhuni mpaka kupitirira mutu, mapazi akukwakwaza pansi m'malo mwa mabuleki. Azimayi ndi atsikana atasenza mitolo yaitali, makosi ali gwa, thukuta lili kamukamu kukuzizira chonchi. Adauza wakabaza kuti aime. Adatsika, adavula chipewa, napereka moni kwa mnyamata wina amene adatsamiritsa mtolo wake pamwala kuti apume.

"Zikomo achimwene, ntchito."

"Zikomo bwana," adayankha mnyamatayo, maso ali pansi.

Liu lakuti bwana lidamulasa mkuluyu mumtima. Adafuna kumuuza kuti pamwala womwewo iyenso adapumirapo, koma mau adakanirira pakhosi. Adamupatsa nthochi zija napitiriza ulendo.

China chimene chidamutsitsa nkhope ndi mitengo. M'masiku ake phirili lidali lodzaza ndi paini, wothithikana moti masana m'nkhalango munkachita mdima. Tsopano adaona malo aakuluakulu ali mbee, zitsa zokhazokha, kwina kwakuda ndi moto wolusa, ngakhale kuti apo ndi apo padali timitengo tatsopano tobzalidwa. Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adauza mdzukulu wake kuti ina mwa mitengo imeneyo idatsikira pamutu pake. Kunena zoona, wosenza nkhuni yekha sangamalize phiri. Pali ocheka matabwa, pali ootcha makala, pali moto wa chaka ndi chaka, pali kudula kosabwezeretsa, ndiponso pali tauni yonse pansipo imene imafuna kuphika tsiku lililonse. Koma mkuluyu sadafune kudzichotsa pamlandu. Ati njala ndiyo idamutuma, komabe nkhwangwa idali m'manja mwake.

Atafika pachipata cha hotela miyendo idalemera. Munthu amene adaoloka malire, napirira oitanira a pa Liwonde, naima pamaso pa apolisi, adafuna kubwerera pamtunda wa mapazi khumi. Adayamba kunena zoti mwina kuona kokha kwakwana. Mdzukulu adawagwira dzanja.

"Anganga, mwati muli ndi ngongole. Tiyeni mukabweze."

Mlonda adawalonjera m'Chichewa chomwechi, nawalozera kolowera. Woperekera zakudya adawakokera mipando pakhonde, nawapatsa pepala la zakudya lolembedwa m'Chingerezi. Mtsikana adayesa kuwerenga ndi Chingerezi chake cha kusukulu, koma mnyamatayo ataona kuti zikuvuta adangomasulira zonse m'chinenero chao, mtengo ndi mtengo. Zaka zonse zija mkuluyu ankakhulupirira kuti pamalo otere munthu wosadziwa Chingerezi sapatsidwa ngakhale madzi. Adaitanitsa tiyi wa anthu awiri ndi mbale imodzi ya nsima ndi chambo yoti agawane. Mafoloko adawakankhira pambali, napempha madzi osamba m'manja, ndipo adabwera nao popanda wina kukweza nsidze.

Mtengo wake usabisike, udali wowawa. Ati tiyi yekhayo adadya ndalama imene padoko munthu angagulire nsomba zodyetsa banja lonse. Nchifukwa chake wopita kumalo otere afunse mtengo asanaitanitse, ndipo palibe manyazi kuitanitsa tiyi yekha. Mpando ndi womwewo, khonde ndi lomwelo, wodya nyama ndi womwa tiyi amaona zofanana.

Koma tsikulo padalibe choona. Pamene amakhala pansi n'kuti phiri lonse litakutidwa ndi nkhungu yoyera, kamvula kakuwaza, moti ngakhale mtengo wa patsogolo pao sunkaoneka. Zaka 30 zodikira, masiku awiri a ulendo, ndalama za mpunga, n'kudzapenya khoma la nkhungu! Mdzukulu adadzikulunga kapulana, misozi ili lengelenge. Woperekera zakudya uja adapepesa ngati kuti nkhunguyo waibweretsa ndi iye.

"Ndi chiperoni chimenechi, bambo. Mwezi wa Juni ndi Julayi chimatero. Mwina chichoka masana, mwina chigona."

Adafotokozanso kuti mphepo yozizirayi idatenga dzina kuphiri la Chiperone, m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, poti imachokera mbali imeneyo. Mkuluyu adaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti nkhungu ya kwathu yomwe yanditsogolera kudzanditsekera kuno?"

Adadikira. Munthu amene adakhalapo m'bwato usiku wonse kuyembekeza nsomba savutika ndi kudikira. Akabaza adayamba kung'ung'udza panja, tiyi adazizira, adaitanitsa wina. Dzuwa litapendeka pang'ono, mphepo idatembenuka, nkhungu idang'ambika pakati ngati nsalu yakutha. Pansi penipeni padaoneka madenga a tauni ya Zomba, ang'onoang'ono ngati mabokosi a machesi, ndi msewu uja adadzera ngati ulusi. Kutali, kuseri kwa chigwa cha Phalombe, kudatulukira phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Mkuluyu adagwira kapu yake ndi manja awiri, osanena kanthu.

Asanatsike, woperekera zakudya adawauza kuti ngati afuna kuona kwao apite ku Emperor's View, mbali ya kum'mawa kwa phiri. Adaonjezera akabaza kangachepe nanyamuka. Adadutsa damu lalikulu la Mulunguzi limene limamwetsa tauni ya Zomba, lomwe lidamangidwa mkuluyu atabwerera kale kuno. Malo a Emperor's View adatchedwa choncho pokumbukira mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene idaimapo mu 1965. Chapafupi pali Queen's View, pamene adaimapo mayi ake a Mfumukazi Elizabeth ya ku Mangalande mu 1957. Tsikulo padaima msodzi wa ku Amaramba ndi mdzukulu wake, ndipo palibe adawafunsa kuti ndinu mfumu ya kuti.

Kuchokera pamenepo nyanja ya Chilwa idaoneka yonse, ili nyezinyezi, chilumba cha Chisi chili pakati. Kuseri kwa madziwo kudali mapiri obiriwira mwa utsi, ndipo amenewo adali a ku Mozambique. Mkuluyu adaloza ndi chala mbali imene ankakokera khoka, ndi mbali ya Entre Lagos kumene adadzera dzulo lake. Amaramba yeniyeni ili kutali kumpoto, diso silifikako, koma njira yake adaiona.

"Nanga malire ali pati, anganga?"

Adafufuza ndi maso, kumanja, kumanzere. Adalephera kuloza. Chimene chinkaoneka ndi madambo, minda, utsi wa m'midzi, ndi timitsinje totsika m'phiri kulunjika kunyanja.

Timitsinje timeneti ndito tikuyenera kukhudza munthu wa kuno. Madzi a m'phiri la Zomba amatsika ndi Mulunguzi, Likangala ndi Domasi kukathira m'nyanja ya Chilwa, imene gombe lake la kum'mawa ndi la anthu a m'boma la Mecanhelas. Chilwa ndi nyanja yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira zimene mvula ndi mapiri aipatsa. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ong'aluka, mabwato ali gadaa pamtunda. Kuchepa kwa mvula ndiko kumayambitsa, koma phiri lopanda mitengo limaonjezera. Mvula ikagwa madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula dothi lokakwirira nyanja, ndipo chilimwe chikafika mitsinje imauma msanga. Chilwa ikaphwa asodzi ake sakhala pansi kudikira. Amanyamula makoka ao kupita ku Chiuta, ndipo Chiuta ndiyo imathira madzi m'nyanja ya Amaramba, mayi wake wa mtsinje wa Lugenda umene umakathira mu Rovuma. Nsomba zimene zinkadyetsa midzi khumi zimayamba kulimbiranidwa ndi midzi makumi atatu. Choncho nkhwangwa yolira pamwamba pa Zomba imadzamveka m'mbale ya munthu wa kuno, ngakhale asanapondeko chibadwire.

Za mapiri ometedwa anthu a kummwera kwa Malawi adazilawa mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adalowera ku Quelimane n'kukagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri a ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, n'kupha anthu mazanamazana. Namondweyo sadadinditse pasipoti pamalire alionse.

Ndipo asanaloze chala anzake a tsidya ilo, munthu wa kuno ayambe wayang'ana kuseri kwa nyumba yake. Matumba a makala amene amaima m'mbali mwa msewu, mitengo ya zigafa za fodya, nkhuni zowambira nsomba, minda yolimidwa mpaka m'milomo ya mitsinje, zonsezi zikudya nkhalango ya kuno pang'onopang'ono. Achikulire akudziwa pamene nkhuni zinkatoledwa kale ndi pamene zikutoledwa lero. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno kulibe phiri lalitali loti munthu akwere n'kuona chipala chonse nthawi imodzi.

Awiriwa adatsika dzuwa lisanalowe, poti msewu umenewo si woyenda ndi mdima, adalipira akabaza theka lotsala lija, nagonanso ku Zomba. Tsiku lachitatu madzulo adafika kuno. Anthu adathamangira kudzaona zimene abwera nazo, poti wochokera ku Malawi sabwera chimanjamanja. Mkuluyu adapisa m'thumba la jekete natulutsa kapepala kamodzi, lisiti la kuhotela. Ena adaseka, ena adagwira pakamwa. Mlamu wake adawerengera pomwepo kuti ndalama za ulendowo zikadagula malata angati.

Za malatazo mlamuyo sadaname. Koma mkuluyu adalowa m'nyumba, adatsegula kabokosi kachitsulo kamene amasungiramo mapepala, natulutsa khadi lakale lothimbirira limene ankalandirira ufa ndi nandolo ali wothawa nkhondo. Adaika lisiti lija pamwamba pa khadilo, natseka. Kwa mlamu wake adangoti denga lidikira mpunga wa chaka chamawa, koma mawondo ake sakadadikira.

Amene nkhaniyi yawagwira mtima ndipo akufuna kutsatira mapazi a mkuluyu, atenge mapepala oyenera, asinthe ndalama mwanzeru, anyamule chofunda ngakhale kuno kukutentha, ndipo apewe miyezi ya Seputembala ndi Okutobala pamene utsi wa moto wa m'tchire umaphimba chigwa chonse. Akumbukire kuti basi ikawatula patsinde, kotsalako ndi kwa kabaza kapena miyendo. Akakumana ndi osenza nkhuni panjira, awapatukire ndi kuwapatsa moni, poti ena mwa iwo mwina ndi ana a anthu amene adalandira makolo a kuno pamene kudali moto.

Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mkuluyu wabwerera ku bwato lake ndi ku dimba lake. Koma akuti masiku ano mwana wake aliyense akanyamula nkhwangwa kulunjika kumtsinje, amayamba wamuitana kuti akhale pansi, amve kaye za phiri la Zomba.